Momwe mungasankhire nthumwi za Britain ndi China mu komiti yoyang'anira thumba la ndalama

Mayiko awiri akaika ndalama m'thumba limodzi, mkangano umayambira pa mipando. Britain ndi China anadutsamo kale m'zimenezi pa ndalama za chipukuta misozi zomwe China inakakamizidwa kulipira m'pangano la 1901, zipolowe za ma Boxer, gulu la anthu a ku China lomwe linkalimbana ndi anthu akunja, zitatha. Britain itavomera kubweza gawo lake, njira yomwe anatsata ndi yoti mungatengerepo.

Yambani ndi kagulu kofufuza, ka anthu ofanana chiwerengero mbali zonse. Mu 1926 Lord Willingdon wa ku Britain anatsogolera kagulu ka anthu 6, kuphatikizapo iyeyo, kupita ku China, atatu a ku Britain ndi atatu a ku China, kukamva zofuna za eni dziko.

Posankha anthu, yang'anani zomwe akudziwa, maudindo abwere pambuyo. M'kagulu kaja, William Soothill wa ku Britain anali atakhala zaka zambiri ku Wenzhou, ku China, ngati mmishonale ndipo ankaphunzitsa Chitchaina ku Oxford. Adelaide Anderson anali atagwirapo ntchito yoyendera mafakitale ku Britain. Ku mbali inayo kunali Hu Shih, kadaulo wa maphunziro, Ding Wenjiang, katswiri wa za miyala yemwe anaphunzira ku Glasgow, ku Britain, ndi Wang Jingchun wa za njanji. Soothill ndi Ding ankadziwa bwino kwawo kwa anzawowo, ndipo pokambirana za ndalama zimenezi n'zofunika kuposa womasulira.

Kenako gwirizanani kuti ndalamazo zikuthandiza ndani, chifukwa mipando yambiri iyenera kupita kumeneko. Bodi yoyang'anira ndalamazo yomwe inakhazikitsidwa mu 1931 ku Nanjing inali ndi mamembala 10 a ku China ndi 5 a ku Britain, wapampando wake Zhu Jiahua. Lembaninso m'pangano amene asankhe nthumwi za mbali iliyonse komanso zaka zomwe zikhale pampando, ndipo zisamachoke zonse nthawi imodzi.

Chomaliza, chenjerani ndi amene ali ndi chodyerapo. Mgwirizano wa mayiko awiriwa wa mu 1930 unati zipangizo za njanji zogula kunja zizigulidwa ku Britain, ndipo ku London kunali komiti ina yoona zogulazo. Pa thumba lotere, munthu wolumikizana ndi kampani yogulitsa zipangizo asakhale pampando wovomereza malipiro, ngakhale atakhala wodziwa ntchito chotani. Membala aliyense alembe mabizinesi ake asanayambe ntchito, ndipo nkhani ikamukhudza atuluke panja anzake akamavota.