Kompyuta Ikamachedwa Kuyankhula: Mmene Munthu Wosaona Angapezere Vuto Yekha

Munthu woona kompyuta ikamachedwa amayang'ana kachizindikiro kozungulira n'kudziwa kuti makina akadagwirabe ntchito. Inu amene mumadalira NVDA kapena JAWS, mapulogalamu owerenga mokweza zimene zili pa sikirini, mukadina batani n'kumva zii, simudziwa ngati mudikire, mudinenso kapena mungozimitsa. Mukainyamula kupita nayo kwa okonza ku Limbe kapena m'tauni, nthawi zambiri amathamangira kunena kuti "tingoifomata", ndipo mumabwerera kunyumba NVDA itachoka, mawu amene munawazolowera atapita, makonzedwe anu onse atafufutika. Chonsecho zambiri zochedwetsa kompyuta mutha kuzipeza nokha ndi kiyibodi, khutu ndi dzanja. Apa tikamati batani la NVDA tikunena Insert, kapena Caps Lock ngati ndi limene munasankha.

Akuchedwa ndi mawu kapena makina onse?

Yambani ndi funso limeneli musanagule kalikonse. Tsekani NVDA podina NVDA+Q kenako Enter. A JAWS dinani Insert+F4. Yatsani Narrator, imene imabwera ndi Windows kale, podina Ctrl+Windows+Enter. Kenako Windows+R, lembani notepad, Enter, ndipo mulembe ziganizo ziwiri. Ngati Narrator ikutchula chilembo chilichonse nthawi yomweyo, makina alibe mlandu, vuto lili kwa pulogalamu yanu yowerengera.

Zikatero zimitsani Narrator ndi mabatani omwe aja, yatsani NVDA ndi Ctrl+Alt+N, dinani NVDA+Q, mutsike mpaka pa Restart with add-ons disabled. Ikapepuka, ndiye kuti add-on ina, kapulogalamu koonjezera pa NVDA, ndiyo ikuikoka miyendo. Zibwezereni imodziimodzi mpaka muipeze yolakwayo. Kawirikawiri imakhala yakale imene mwini wake anasiya kuikonza.

Mawu nawonso amalemera mosiyana. Dinani NVDA+Ctrl+S musankhe eSpeak NG. Mawu ake ndi okhakhala, ambiri sawakonda, koma ndi opepuka kwambiri ndipo pa makina akale amayankha msanga kuposa mawu osalala omveka ngati munthu. Yesaninso zomvera za waya m'malo mwa za Bluetooth, pakuti Bluetooth imachedwetsa mawu pang'ono ndipo nthawi zina imameza chilembo choyamba. Pali anthu amene agulapo RAM, kachipangizo kamene kompyuta imasungamo zimene ikugwira pa nthawiyo, pomwe vuto linali m'makutu momwemo.

Ngati ndi makina onse

Chitani Restart, osati Shut down. Pa Windows 10 ndi 11, Shut down imasunga mbali ina ya Windows pa disiki kuti mawa iyake msanga, motero vuto la dzulo limadzuka nanu. Dinani Windows+D, Alt+F4, musankhe Restart.

Kuti mumve zimene zikuchitika m'kati, pitani pa NVDA+N, Tools, Add-on Store, muike Resource Monitor. Iyi ndi add-on yaing'ono ndipo imakupulumutsani ku matebulo a Task Manager amene amasinthasintha uku mukuwerenga. NVDA+Shift+1 imakuuzani mmene purosesa, ubongo wa kompyuta, yatanganidwira, NVDA+Shift+2 imanena RAM imene yagwiritsidwa ntchito, NVDA+Shift+3 imanena malo otsala pa disiki. Mverani manambalawa kompyuta itangoyaka n'kukhala mphindi 5 musanatsegule kanthu. RAM ikakhala itadutsa kale 80 peresenti, kapena purosesa ikukhala pamwamba pa 50 popanda chimene mukuchita, pali china chikudya mobisa.

Chobisalacho chisakeni pa zoyamba zokha kompyuta ikamayaka. Windows+R, lembani ms-settings:startupapps, Enter. Yendani ndi Tab ndi mivi, muzimitse ndi Space zinthu monga Teams, Spotify, Skype ndi mapulogalamu a foni amene wogulitsa anakuikirani. Chilichonse chokhala ndi mawu akuti audio kapena Realtek chisiyeni. Musalowe mu msconfig kukazimitsa ma service chifukwa choti wina wanena pa YouTube. Mukazimitsa Windows Audio mwangozi, kompyuta imayaka ili duu ndipo simungathenso kubweza nokha.

Chinanso chofulumira: Windows+R, lembani SystemPropertiesPerformance, musankhe Adjust for best performance, Enter. Izi zimachotsa mithunzi ndi zokongoletsa za maso, zomwe inu sizikupindulirani kanthu koma zimadya mphamvu. Disiki C ikatsala ndi malo ochepera 20 GB, lembani cleanmgr pa Windows+R muchotse zinyalala, ndipo mabuku omvera ndi maulaliki muwasamutsire pa disiki ya kunja.

Pa nkhani ya mavairasi, kuno ambiri amabwera ndi fulashi yochokera kosindikizitsa mapepala. Windows Security ndi yokwanira. Itseguleni muchite Full scan usiku. Antivayirasi awiri pa kompyuta imodzi amalimbana okhaokha, ndipo aulere ena ali ndi mawindo amene NVDA siwerenga bwino. Chotsani winayo. Chrome nayo imadya RAM pa tsamba lililonse lotsegula, ndipo NVDA imayenera kusanja tsamba lonse isanayambe kuwerenga, n'chifukwa chake Facebook imalemera chonchi. Tsekani masamba osafunika ndi Ctrl+W. Ngati mumagwiritsa ntchito bandulo ya TNM kapena Airtel, kuchedwa kwa tsamba kutha kukhala netiweki chabe: Notepad ikamayenda bwino, musaimbe mlandu makina.

Tsopano ikani dzanja pa bokosi

Apa ndi pamene khutu lozolowera limaposa diso. Mu Okutobala Blantyre ikatentha ndipo fumbi la m'misewu ya ku Ndirande, Bangwe ndi Chirimba likulowa m'nyumba, fani imatsekeka, purosesa imatentha, kenako imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Chizindikiro chake n'chakuti kompyuta imayamba bwino m'mawa, pakatha theka la ola fani imayamba kulira kwambiri, mawu a NVDA n'kuyamba kudukaduka. Ikani chikhatho kumbuyo kwa bokosi la kompyuta. Mpweya uyenera kutuluka mwamphamvu. Ukamatuluka pang'ono koma wotentha, kapena osatuluka n'komwe, m'kati mwadzaza fumbi.

Zimitsani, zulani chingwe cha magetsi kukhoma, ndipo mugwire batani loyatsira masekondi 10. Pa Dell OptiPlex ndi HP zambiri za kaunjika, chivindikiro cha pambali chimatseguka ndi kachogwirira kapena zomangira ziwiri kumbuyo. Khudzani kaye chitsulo cha bokosi musanagwire za m'kati. Fani yaikulu ili chapakati; igwireni ndi chala kuti isazungulire, mupemerere ndi chopopera mpweya, mupukute ndi burashi youma yofewa. Kabokosi kachitsulo kamene chingwe cha magetsi chimalowamo musakatsegule, chifukwa kamasunga magetsi ngakhale mutazula. Mukatha, chotsani kompyuta pansi muiike pa tebulo, ndipo nsalu imene mumaifunditsa muziichotsa isanayatsidwe. Chitani izi kawiri pa chaka.

Mverani disiki. Ya mtundu wakale, HDD, imakhala ndi mbale zozungulira ndipo imamveka kukereza ikamagwira ntchito. Ikayamba kugogoda mobwerezabwereza kuti tiki, tiki, uku kompyuta itaima, yatsala pang'ono kufa: koperani mafayilo anu lero lomwe. Kuti mudziwe mtundu wa disiki yanu, lembani dfrgui pa Windows+R. NVDA idzanena Hard disk drive kapena Solid state drive. Kunena zoona, pa makina akale palibe chimene chimasintha zinthu ngati kuika SSD, disiki yopanda mbale zozungulira, ya mtundu wa SATA ya 240 GB kapena 256 GB. Ngati ndalama zikukwanira chinthu chimodzi, yambani ndi chimenecho. Chachiwiri ndi kukweza RAM kuchoka pa 4 GB kufika pa 8 GB. Tengani RAM yakaleyo popita kukagula, chifukwa RAM ya DDR3 ndi ya DDR4 sizilowana; kampata ka m'munsi mwake kali pamalo osiyana ndipo chala chimatha kumva. Windows 11 imavomera 4 GB, koma mukaonjezapo NVDA ndi Chrome imapuma movutikira. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, motero pogula zida funsani ngati makinawo angalandire Windows 11.

Magetsi akathima mwadzidzidzi

Kuzima kotere kumawononga mafayilo a Windows. Magetsi akabwera, kompyuta itha kukhala chete nthawi yaitali ikudziyeza disiki kapena kumaliza update, ndipo nthawi imeneyo palibe pulogalamu yoyankhula imene yayaka. Musazule. Dikirani mphindi 30, yesani Ctrl+Windows+Enter, ndipo ikakhalabe chete lozetsani foni pa sikirini ndi pulogalamu ya Be My Eyes kapena Seeing AI kuti mumve zolembedwa. Ikayaka, dinani Windows+X kenako A, vomerani ndi Alt+Y, lembani sfc /scannow, Enter, muisiye mpaka ifike 100 peresenti. UPS ya 650 VA, bokosi la batire losunga magetsi, imakupatsani mphindi zochepa zotsekera bwino, ndipo imalira magetsi akapita, zomwe masana zimakudziwitsani msanga.

Zikafika poti mupite kwa okonza, konzekani. Pa NVDA+N, Tools, Create portable copy, ikani NVDA yanu pa fulashi pamodzi ndi makonzedwe ake. Muwauze achimwene okonzawo kuti akope disiki yonse yakale kupita pa SSD m'malo moika Windows yatsopano, ndipo disiki yakaleyo akubwezereni. Musanalipire, lumikizani zomvera zanu pomwepo, yatsani, tsegulani Word ndi Chrome, mumve nokha kuti ikuyankhula komanso kuti mafayilo anu alipo.