Momwe mungasankhire kukula kwa tabuleti yowerengera Baibulo, kuphunzira ndi kulalikira

Tabuleti iliyonse imaoneka bwino ikakhala m'manja, pafupi ndi nkhope. Umu ndi mmene anthu ambiri amaiyesera asanagule: aiyatsa, ayendetsa chala kawiri katatu, aona kuti zithunzi zikuwala, basi. Koma mlaliki saigwiritsa ntchito choncho. Iye amaigoneka pa gome, amaimirira, amayang'ana anthu, kenako amagwetsa maso kwa kamphindi kuti apeze pomwe analekezera. Ngati pa kamphindi kameneko maso ayamba kusakasaka mzere, tabuletiyo yamuchepera, kaya ndi yokongola chotani. Munthu amene amangofuna kuwerenga machaputala awiri asanagone ali ndi vuto lina. Tabuleti yaikulu imamulemera, ndipo pakatha milungu iwiri amaisiya n'kubwerera ku foni.

Choncho pali zinthu ziwiri zoti zikutsogolereni: kutalika kwa mpata wochokera pa diso lanu kufika pa zilembo, ndi kuchuluka kwa zinthu zimene mumafuna kuti zitseguke nthawi imodzi. Tsatirani izi musanatulutse ndalama.

1. Dziwani kaye chimene mainchi amatanthauza

Akati tabuleti ndi ya mainchi 11, sakunena m'lifupi kapena m'litali. Amayeza sikirini modutsa pakati, kuchokera pa ngodya ya m'munsi kufika pa ngodya ya m'mwamba ya mbali inayo. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Pachifukwa chimenechi kusiyana kooneka kochepa pa nambala kumakhala kwakukulu pa tsamba. Pakati pa 8 ndi 11 pali mainchi atatu okha, koma sikirini ya mainchi 11 ili ndi malo ochuluka pafupifupi kawiri kuposa ya mainchi 8, ngati maonekedwe ake ali ofanana. Ya mainchi 13 imaposa ya 8 kawiri ndi theka.

Maonekedwe akewo nawonso ndi nkhani. Matabuleti ambiri a Samsung Galaxy Tab ndi aatali ndi owonda, pa muyeso wa 16:10 (m'litali magawo 16, m'lifupi magawo 10), chifukwa amakomera oonera mavidiyo. Ma iPad aakulu a mainchi 13 ali pa 4:3, ofanana kwambiri ndi tsamba la buku. Tabuleti ya mainchi 11 yowonda ija, mukaiimika, m'lifupi mwake ndi masentimita pafupifupi 15, pomwe ya mainchi 11 omwewo ikanakhala pa 4:3 ikanafika pafupifupi 17. Masentimita awiri amenewo ndi mawu angapo pa mzere uliwonse. Kwa owerenga, sikirini yonenepa imathandiza kuposa yaitali.

Magulu alipo atatu. Aang'ono ndi a mainchi 8 mpaka 9, monga iPad mini ya 8.3 ndi Galaxy Tab A9 ya 8.7. Apakati ndi a mainchi 10 mpaka 11, ndipo ndi kumene kuli mitundu yambiri. Aakulu amayambira pa 12 kupita m'tsogolo, mpaka kufika pa Galaxy Tab S9 Ultra ya mainchi 14.6.

2. Sankhani ntchito imodzi yoti ilamule

Kuwerenga, kuphunzira ndi kulalikira ndi ntchito zitatu zosiyana, ndipo sizifuna chinthu chimodzi. Musadzinamize kuti mupeza tabuleti yokwanira zonse mofanana. Dzifunseni kuti pa zitatuzi ndi iti imene mumaichita mlungu uliwonse, ndipo ndi iti imene ikavuta mungachite nayo manyazi pagulu.

Kuwerenga chabe sikufuna zambiri. Mapulogalamu a Baibulo monga YouVersion amasanja mawu molingana ndi sikirini, ndiye mukakulitsa zilembo mizere imangodzikonza yokha. Ya mainchi 8 imakwana bwino, imagwirika ndi dzanja limodzi, ndipo imalowa m'kachikwama kakang'ono.

Kuphunzira ndiko kumadya malo. Tiyerekeze kuti mukukonzekera fanizo la wofesa mbewu. Lili mu Mateyu 13, Maliko 4 ndi Luka 8, ndipo mukufuna kuona mmene aliyense walifotokozera. Mbali imodzi mwatsegula Mateyu, mbali inayo Luka. Pakapita nthawi mukufuna buku la ndemanga, kapena mwadina liwu kuti muone chimene likutanthauza m'Chigiriki pogwiritsa ntchito manambala olozera mawu a Chihebri ndi Chigiriki a m'Baibulo amene James Strong anawatulutsa mu 1890, omwe mapulogalamu monga Olive Tree, Logos ndi Blue Letter Bible amawagwiritsabe ntchito. Komanso mukufuna polemba maganizo anu asanathawe. Pa sikirini ya mainchi 8, mukaigawa pawiri mbali iliyonse imatsala ngati foni, ndipo kiyibodi ikangotuluka imaphimba gawo lalikulu la zimene mumawerenga. Pa mainchi 11 zinthu ziwiri zimakhala moyandikana popanda kupanikizana. Zitatu zimayamba kukwana bwino pa 13.

Pali chinthu china chimene anthu sachiganizira. Sikirini yaing'ono imakuonetsani mavesi ochepa, mwina asanu kapena asanu ndi limodzi zilembo zikakhala zazikulu, ndipo munthu amazolowera kuwerenga vesi palokha osaona zam'mbuyo ndi zam'tsogolo. M'makalata a Paulo mfundo imodzi imatha kuyenda mavesi khumi isanathe. Baibulo losindikizidwa limakuonetsani masamba awiri nthawi imodzi, ndipo diso limadumpha lokha kubwerera pamene mfundoyo yayambira. Ine ndimaona kuti chifukwa chimenechi pachokha n'chokwanira kuti wophunzira mozama asatsike pansi pa mainchi 10.

3. Yezani mpata wochokera pa diso kufika pa gome

Apa ndi pamene pagona nkhani kwa alaliki, ndipo mpofunika rula kapena tepi yoyezera. Buku likakhala m'manja limatalikirana ndi maso masentimita 35 mpaka 40. Imani pa gome limene mumalalikirapo, muimirire mowongoka monga mumachitira polankhula, ndipo wina akuyezeni kuchokera pa diso kufika pomwe mumaika Baibulo. Kwa munthu wamtali pa gome lalifupi, mpatawo ungathe kukhala wowirikiza kawiri wa m'manja uja. Lamulo lake ndi lapafupi: mpata ukawirikiza kawiri, zilembo nazo ziyenera kukula kawiri kuti zioneke chimodzimodzi. Ndipo zilembo zikakula kawiri m'litali ndi m'lifupi, mawu okwana pa tsamba amachepa kanayi.

Ndiye taganizani ulaliki wa mphindi 30 wolembedwa wonse liwu ndi liwu, pa tabuleti ya mainchi 8, zilembo zitakulitsidwa chotero. Mudzakhala mukutembenuza tsamba pafupipafupi, chala chili pa sikirini m'malo moti dzanja lizilankhula nawo, ndipo anthu adzaona.

Ngati mwadutsa zaka 40, onjezani kusamala. Pa msinkhu umenewu diso limayamba kuvutika kuona zapafupi. Magalasi owerengera amakonzedwera mpata wa m'manja, osati wa pa gome, komanso mukawavala n'kudzutsa mutu nkhope za anthu zimaoneka mwachimbuuzi. Ambiri amakonda kulalikira opanda magalasi amenewa, ndiye zilembo zazikulu pa sikirini yaikulu ndi zimene zimawapulumutsa.

4. Yang'anani mmene mumalembera ulaliki wanu

Alaliki sali ofanana. Ena amakwera pa gome ndi mitu itatu ndi mavesi ochepa. Oterewa ya mainchi 8 ingawakwanire, makamaka ngati amayendayenda polalikira, tabuleti ili m'dzanja. Ena amalemba chilichonse, ngakhale moni. Amenewa asayese n'komwe yaing'ono.

Funso lina ndi lakuti ulalikiwo mumausunga mu fayilo ya mtundu wanji. Fayilo ya PDF ili ngati chithunzi cha pepala, mizere yake siidzikonza. Pepala la A4 ndi masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali. Mukalitsegula lonse pa iPad mini limachepa kufika pongopitirira theka pang'ono, moti zilembo za saizi 12 zimaoneka ngati za saizi 7. Pa iPad ya mainchi 10.9 limatsala magawo atatu mwa anayi. Pa ya mainchi 13 limakhala pafupifupi mmene lilili pa pepala lenileni. Ngati muli ndi mabuku ambiri a PDF, kapena mabuku akale ojambulidwa tsamba ndi tsamba okhala ndi madanga awiri, nkhani yatha, tengani yaikulu.

Koma ngati PDF yake ndi ya ulaliki wanu womwe, pali njira yozembera. Musanaisunge, sinthani kukula kwa pepala kuchoka pa A4 kupita pa A5, yomwe ndi masentimita 14.8 ndi 21, ndipo ikani zilembo pa saizi 16 kapena 18. Pepala la A5 limakwana lonse pa sikirini ya mainchi 11 popanda kulichepetsa. Siyani mpata pakati pa ndime, ndipo liwu loyamba la mfundo iliyonse mulidetse kwambiri kuti diso liziligwera msanga. Zimenezi zimathandiza kuposa kuwonjezera inchi imodzi.

5. Dulani katoni muyese

Njira iyi ikumveka yachibwana koma ndi imene sindingaisiye. Pezani katoni yakale mudule zidutswa zitatu: choyamba masentimita 18 ndi 12, chachiwiri 23 ndi 16, chachitatu 26 ndi 20. Amenewo ndi masikirini a mainchi 8, 11 ndi 13, kupatula m'mphepete mwake. Sindikizani tsamba limodzi la ulaliki wanu pa saizi imene mumaiona bwino mutaimirira, mulidule molingana ndi katoni iliyonse ndi kulimata. Werengani mizere imene yakwana pa chilichonse.

Kenako pitani nazo ku gome. Onani ngati chidutswa chachikulu chija chikusiya malo a Baibulo lanu losindikizidwa, ngati mumakwera nalo. Magome ena ndi opapatiza, ena ndi otsetsereka opanda kamtanda kotchinga m'munsi, ndipo tabuleti yoterera ikhoza kutsetsereka mpaka pansi. Yesaninso ngati chikulowa m'chikwama chimene mumanyamula masiku onse. Lalikirani mokweza kwa mphindi zisanu muli nokha, muzidzutsa mutu ndi kubwezanso maso pa katoniyo. Pofika mphindi yachitatu mudzakhala mutadziwa.

6. Kulemera ndi kuwala

iPad mini imalemera magalamu osakwana 300. Matabuleti a mainchi 11 ambiri amalemera pafupifupi theka la kilogalamu. A mainchi 13 amazungulira pa magalamu 600, ndipo Galaxy Tab S9 Ultra imapitirira 700. Mukaonjezera chikwama chotetezera ndi kiyibodi, yaikulu ija imayamba kulemera ngati laputopu. Pa gome zilibe kanthu. Koma mukaimirira pambali pa bedi la wodwala kapena pa mwambo wa panja pomwe palibe poika, dzanja limodzi lagwira tabuleti lina maikolofoni, magalamu amenewo mudzawamva pa mkono.

Za kuwala n'zachidule. Sikirini yaikulu ndi galasi lalikulu, imabweza kuwala kwa magetsi ndi kwa mawindo. Ngati mumalalikira panja kawirikawiri, funsani za mphamvu ya kuwala kwake, imene amaiyeza mu nits. Ma iPad wamba ali pa 500, ndipo yochepera pamenepo imavutika dzuwa likawala. Zipangizo zowerengera mabuku zotchedwa Kindle sizivutika padzuwa ndipo batire yake imatha milungu, koma zimachedwa potembenuza tsamba ndipo sizilola mapulogalamu a Baibulo tawatchula aja. Ndi zabwino powerenga buku kuchokera koyamba mpaka kumapeto, osati podumpha kuchoka ku Yesaya kupita ku Aroma anthu akudikira.

7. Sankhani, kenako ikonzeni musanakwere nayo pa gome

Mukandifunsa ine, munthu amene amachita zonse zitatu ndipo angathe kugula tabuleti imodzi yokha atenge ya mainchi 11, ndipo ngati n'kotheka yonenepa osati yowonda. Ya mainchi 13 ndi ya amene amalemba ulaliki wonse, amene maso ayamba kuwavuta, kapena amene amakhala maola ambiri pa tebulo ndi mabuku atatu otsegula. Ya mainchi 8 ndi ya owerenga ndi alaliki oyendayenda. Ngati muli kale ndi laputopu yophunzirira, musagule tabuleti yaikulu kuti ibwereze ntchito yomweyo. Ndipo ngati foni yanu ndi ya mainchi 6.7, ya mainchi 8 idzakupatsani malo ochulukirapo ndithu chifukwa ndi yonenepa, koma yesani kaye katoni ija musanatsimikize kuti kusiyanako kukukwanirani.

Mukagula, chitani izi tsiku lolalikira lisanafike. Tsitsani Baibulo lanu kuti lizitseguka popanda intaneti. Sinthani nthawi yozimira sikirini, chifukwa matabuleti ambiri amadzizimitsa pakangopita mphindi zochepa osakhudzidwa, ndipo zimenezi zimachitika pomwe mwatentha ndi fanizo n'kuiwala kuigwira. Khomani sikirini kuti isamatembenuke yokha mukaisuntha. Tsekani mauthenga onse, kapena ingoiikani pa airplane mode kuti isalumikizike ndi netiweki. Ngati pulogalamu yanu ikulola, sankhani kutembenuza tsamba m'malo moyendetsa mawu ndi chala, chifukwa tsamba lokhazikika diso limakumbukira kuti mfundo yachiwiri ili chakumunsi kumanzere, pomwe mawu oyenda akathamanga pang'ono mwasochera. Batire idzaze usiku, ndipo m'thumba la jekete kapena m'kati mwa Baibulo muikemo kapepala kolembapo mitu ya ulaliki ndi mavesi ake.