Kukonza zolakwika pa mndandanda wa makolo: poyambira ngati muli ku Zomba

Mndandanda wa makolo umene mabanja ambiri ali nawo unalembedwa pa maliro kapena pa mwambo wa chiliza, mmodzi atagwira cholembera, akuluakulu atatu akulankhula nthawi imodzi. Kenako wina anautumiza pa WhatsApp, ndipo lero aliyense amaukhulupirira chifukwa wauona kambirimbiri. Koma anthu khumi amene akopera pepala limodzi ndi mboni imodzi basi.

Gulani kope latsopano ndipo kholo lililonse mulipatse tsamba lake. Patsambapo lembani mfundo iliyonse pa mzere wake: maina onse, mayi wobereka, bambo, mudzi wobadwira, chaka, ukwati, imfa. Pambali pa mfundo iliyonse muyankhe mafunso atatu awa: ananena ndani, zinalembedwa liti, ndipo wonenayo anadziwa bwanji? Ntchito yonse yagona pa mafunso amenewa, chifukwa pepala limodzi limatha kunena zoona pa mzere wina n'kunama pa mzere wotsatira. Chiliza chimakhoza tsiku lomwalira, poti omanga analipo pa malirowo, koma chaka chobadwa nthawi zambiri chimakhala chongoganizira adzukulu. Buku la mpingo limakhoza tsiku la ubatizo. Zaka za wobatizidwayo, mbusa anangomuyang'ana nkhope.

Maina ndiwo amasocheretsa kwambiri

Munthu mmodzi wa m'zaka za m'ma 1920 ankatha kukhala ndi maina anayi: laubwana, la kuchinamwali kapena ku jando, laubatizo kapena lachisilamu, ndi lina limene analembetsa ku esiteti kapena ku Joni. Pa mndandanda, munthu ameneyu amasanduka abale anayi a bere limodzi. Chizindikiro chake n'chakuti "abale" awiri ali ndi mkazi wa dzina limodzi, ana ofanana maina, ndipo manda amadziwika a mmodzi yekha.

Vuto lotembenuka limabwera ndi kulowa dzina. Dzina la ufumu kapena la mwinimbumba likadutsa mwa anthu atatu, adzukulu amawaphatikiza kukhala munthu mmodzi amene anathawa nkhondo ya Angoni, nagwira thangata, navotanso mu 1961. Apa masamu okha amakwanira. Pakati pa kholo ndi mwana pamakhala zaka 20 mpaka 35 nthawi zambiri. Mayi akaoneka kuti anabereka ali ndi zaka zosakwana 13 kapena zopitirira 50, kapena pakati pa agogo ndi mdzukulu pali zaka 130, dziwani kuti wina wadumphidwa kapena awiri aphatikizidwa.

Kuno ku Zomba, kwa Anyanja, Ayao ndi Alhomwe, mtundu umatsata kwa mayi, ndipo wolowa dzina amakhala mwana wa mlongo wa malemuyo. Koma mafomu a atsamunda ndi a mishoni ankafunsa dzina la bambo. Mwana woleredwa ndi amalume ankatchula amalumewo, kalaliki n'kulemba kuti ndi bambo wake. Mawu athu achibale nawonso amakola: "amayi" akhoza kukhala amayi aang'ono, "achimwene" akhoza kukhala mwana wa mng'ono wa mayi. Pofunsa akuluakulu musati "mayi ake anali ndani?" Funsani kuti "anayamwa bere la ndani?" ndiponso "ameneyu ndi wa bere lalikulu kapena laling'ono?"

Kumbukiraninso kuti Abiti si dzina la munthu, koma limatanthauza mwana wamkazi wa uje, ndiye dzina lotsatiralo ndi la bambo wake. Che ndi ulemu chabe. Naphiri, Nabanda ndi Nambewe ndi mfunda, ndipo m'mudzi umodzi mukhoza kukhala a Naphiri asanu. Palinso nkhani imene mabanja sakonda kuitchula: ambiri amene ankabwereza Sitandade 8 ankalembetsa dzina la mbale wawo kapena kuchepetsa zaka, ndipo dzinalo linawakanirira mpaka pa chitupa cha penshoni. Satifiketi ya sukulu ndi umboni wofooka pa dzina ndi chaka chobadwa.

Kalembedwe kanasinthanso. Mabuku ambiri akale a Chinyanja ankalemba c pamene lero timalemba ch, ndipo l ndi r ankasinthanitsidwa mwachisawawa. Alhomwe ankalembedwa kuti Anguru. Mangochi anali Fort Johnston, Nsanje anali Port Herald, Thyolo anali Cholo, Mulanje anali Mlanje, ndipo Machinga inkatchedwa Kasupe. Musanapite kulikonse, lembani dzina lililonse m'njira zitatu kapena zinayi zimene mzungu wosamva bwino akanalilembera.

Zaka

Lamulo la 1904 lolembetsa kubadwa ndi imfa silinkakakamiza anthu akuda. Lamulo lokakamiza aliyense linakhazikitsidwa mu 2010 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo kalembera wamkulu wa ziphaso za unzika anachitika mu 2017. Choncho chaka chimene chili pa chiphaso cha agogo ndi chimene iwo anatchula tsiku la kalemberalo, ndipo mukaona 1 Januwale mukayike kaye.

Akuluakulu sasunga manambala, amasunga zochitika. Gwiritsani ntchito izi ngati zikhomo: nkhondo ya Chilembwe mu Januwale 1915, nkhondo ya Jeremani ya 1914 mpaka 1918, fuluwenza ya 1918 ndi 1919, Napolo wa ku Zomba mu Disembala 1946, njala ya 1949, chitaganya mu 1953, kumangidwa kwa a Kongiresi pa 3 Malichi 1959, ufulu mu 1964, kubwera kwa kwacha ndi tambala mu 1971. Agogo akati "pa Napolo n'kuti ali kumsana," lembani "pakati pa 1944 ndi 1946." Musasankhepo chaka chimodzi kuti pepala lioneke bwino. Ndipo funsitsani kuti njala yake iti, chifukwa kum'mwera kuno kunagwa njala mu 1922, mu 1949 ndi mu 2002, ndipo Napolo anadutsanso ku Phalombe mu 1991.

Kumene mungapite, ndi dongosolo lake

Yambani ndi sutikesi ya m'nyumba. Chitupa cha msonkho, khadi la ubatizo, tsamba loyamba la Baibulo, mapepala a Wenela, mendulo ya usilikali, ngakhale emvulopu yokhala ndi chidindo cha positi ofesi, zonsezi zili ndi tsiku kapena nambala imene idzakutsegulireni mabuku akuluakulu. Zijambuleni mbali zonse ziwiri. Pa Baibulo yang'anani chaka chimene linasindikizidwa: ngati ndi la 1966 koma muli masiku obadwa a m'ma 1930, onse olembedwa ndi cholembera chimodzi, ndiye kuti analembedwa tsiku limodzi kuchokera m'mutu.

Kenako kumpingo. Cholakwika chofala ndi kupita ku tchalitchi chimene banja limapemphera lero. Mabuku akale ali ku mishoni imene inkayang'anira mudziwo pa nthawiyo, mipingo ndi maparishi asanagawidwe. Kwa a CCAP zimenezi zikhoza kukufikitsani ku Domasi, kumene mishoni ya Church of Scotland inayamba mu 1884, kapena ku Zomba CCAP. Akatolika afunse ku parishi yawo kuti inatuluka mu parishi iti, poti midzi yambiri inkayenderedwa kuchokera ku mishoni zakale monga Nankhunda. A Anglican ayambire ku Malosa. Pitani ndi kalata yochokera kwa abusa kapena bambo mfumu wa kwanu, ndipo musayembekezere kuti akupatsani bukulo m'manja tsiku lomwelo.

Mabuku akale a Akatolika ali m'Chilatini. Yohane ndi Joannes, Petulo ndi Petrus, Yakobo ndi Jacobus. Filius ndi mwana wamwamuna, filia wamkazi, ndipo patrinus ndi matrina ndi amboni a ubatizo, osati makolo. Anthu ambiri amakopera dzina la mboni n'kuliika pa malo a bambo. Ansembe a Montfort, amene anafika m'dziko muno mu 1901, ambiri anali Afalansa ndi Adatchi, ndipo 1 wawo ali ndi mbedza yaitali moti amaoneka ngati 7, pamene 7 weniweni amamudula ndi kamzere pakati. Yerekezani ndi manambala ena a patsamba lomwelo musanalembe 1917 pamene pali 1911. Werenganinso m'mphepete mwa tsamba, chifukwa m'menemo ndi mmene amalembamo za ukwati wa munthuyo patapita zaka. Kamzere kameneko ndi kamene kamatsimikiza kuti wobatizidwa uja ndi yemwe uja anakwatira agogo anu.

Ku CCAP funsani buku la ubatizo, la maukwati, la odya mgonero ndi maminitsi a seshoni. Ambiri oyambirira ankabatizidwa ali akuluakulu, atatha zaka m'kalasi, ndiye wobatizidwa mu 1925 akhoza kukhala wobadwa mu 1895. Mabanja achisilamu alibe mabuku otere, ndipo iwo amapindula kwambiri ndi zolembedwa za boma.

Ku National Archives of Malawi, nyumba yosungira zolembedwa zakale za boma imene ili pa msewu wa Mkulichi ku Zomba, mupiteko pomalizira, mutadziwa chimene mukufuna. Nyumbayi inatsegulidwa mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives. Dziwiranitu kuti mu Febuluwale 1919 moto unatentha maofesi aakulu a boma ku Zomba, ndipo mafayilo ambiri a kuyambira 1891 anapsa. Makalata amene abwanamkubwa ankatumiza ku London anapulumuka ndipo ali ku Kew, kumene boma la Britain limasunga zolembedwa zake zakale, pansi pa nambala CO 525, koma amenewo amakamba za boma, kawirikawiri satchula anthu wamba.

Mafayilo sanasanjidwe potsata maina a anthu, anasanjidwa potsata ofesi imene inawalemba. Mukafika n'kunena kuti "ndikufuna agogo anga," ogwira ntchito alibe pogwira. Nenani mudzi, mfumu yaikulu (kaya Chikowi, Malemia, Kuntumanji, Mlumbe kapena Mwambo), zaka zake, ndi chimene chinamukumanitsa munthuyo ndi boma: ufumu, mlandu, malo, usilikali kapena ntchito. Mabuku amene ma DC ankasunga okhudza maboma awo amakhala ndi mbiri ya mafumu ndi mmene ankalowerana. Ngothandiza, koma kumbukirani kuti DC ankamva kudzera mwa womasulira, kuchokera kwa munthu amene ankafuna kuti bere lake lioneke lalikulu. Makhoti a mafumu anakhazikitsidwa mwalamulo mu 1933, ndipo milandu ya maukwati ndi ya chuma cha masiye imatchula ankhoswe ndi abale mwatsatanetsatane. Gazeti ya boma imathandiza pa amene analembedwa ntchito kapena kuvekedwa ufumu. Malipoti a kalembera, monga a 1931 ndi 1945, musataye nawo nthawi: muli ziwerengero, mulibe maina.

Tengani chiphaso chanu, pensulo, ndi ndalama zolipirira kafukufuku, ndipo funsani chilolezo musanajambule ndi foni. Fayilo iliyonse mulembe nambala yake yonse ndi tsamba, ngakhale imene simunapezemo kanthu, kuti musadzaiitanitsenso kawiri.

Ngati kholo linali msilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda), nambala yake ya usilikali ndi yofunika kuposa dzina, poti maina ankabwerezedwa kwambiri. Chipilala cha pafupi ndi Cobbe Barracks chili ndi maina a asilikali amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, koma a tengatenga, amene anali ochuluka koposa, ambiri sanalembedwe paliponse. Kusapeza dzina sikutsutsa zimene agogo ananena.

Mapepala awiri akatsutsana

Dzina lofanana si munthu yemweyo. Musalandire cholembedwa ngati cha kholo lanu pokhapokha zinthu zina ziwiri zitagwirizana, monga mudzi ndi dzina la mkazi, kapena mfumu ndi dzina la mayi. Zikatero, pa mfundo imene yatsutsanayo, tsatirani cholembedwa chimene chili pafupi ndi nthawi ya chochitikacho, chonenedwa ndi munthu amene analipo, amenenso analibe chopindula ponama. Mwachitsanzo, chiliza chikuti 1910, chitupa cha ntchito chikuti 1922, koma buku la mpingo likuonetsa kuti anabatizidwa ali khanda mu Meyi 1916, ndipo azakhali akuti anabadwa "nkhondo ya Chilembwe itangotha." Buku ndi azakhali akugwirizana popanda kukoperana. Lembani "1915 kapena 1916." Chitupa cha ntchito chinali ndi chifukwa chochepetsera zaka, ndipo chiliza chinamangidwa patapita zaka makumi asanu ndi awiri kapena kuposerapo.

Si nthawi zonse pamene pepala limapambana pakamwa. Pa funso la amene anabereka uje, gogo wamkazi wa m'mbumbamo amadziwa kuposa kalaliki wa msonkho. Afunseni mmodzimmodzi, osati pagulu, chifukwa pagulu onse amavomera wamkulu.

Pokonza musafufute. Dulani mfundo yakaleyo ndi mzere umodzi kuti iziwerengekabe, lembani yatsopano pamwamba, ndipo pambali muike gwero lake, tsiku, ndi dzina lanu. Mfundo iliyonse muipatse chizindikiro chimodzi mwa zitatu: yotsimikizika, yooneka ngati yoona, yongomva. M'buku la mpingo kapena fayilo ya boma simulembamo kanthu inu. Mukapezamo cholakwika, uzani woyang'anira, ndipo ngati n'koyenera iye ndiye amaika ndemanga m'mphepete.

Kusintha chiphaso cha unzika ndi nkhani ina, imene imadzera ku ofesi yolembetsa nzika ya NRB kwa DC ndipo imafuna umboni wolembedwa. Ganizani kawiri ngati munthuyo ali moyo ndipo satifiketi, penshoni ndi mapepala a malo zili pa dzina kapena chaka chakalecho. Ndipo zimene mwapeza zikakhudza ufumu, munda kapena bambo weniweni wa munthu, kaziwonetseni kaye kwa mwinimbumba ndi ankhoswe musanaziponye pa gulu la banja.

Mapepala enieniwo musawamate ndi selotepi kapena kuwakutira m'pulasitiki wotenthetsa, chifukwa guluu amadya inki ndipo samatukanso. Aikeni m'maemvulopu, m'bokosi lachitsulo lokwezedwa pamwamba, kutali ndi khoma, poti chinyezi cha m'munsi mwa phiri la Zomba ndi chiswe sizichedwa. Kope lokonzedwalo mulichulukitse katatu, lisungidwe m'nyumba zitatu zosiyana.