Mmene Bingo anasiyira kulira ndikachoka

Ndikangotola makiyi, galu wanga Bingo ankayamba kunjenjemera. Ndikatuluka ankalira mpaka aneba kudandaula, chitseko chonse kuchikanda, thabwa la m'munsi kulitafuniratu. Kumukalipira kunkangomuwonjezera mantha, ndipo mpaka pano zimandiwawa kuti ndinkatero.

Ndinayamba kumatola makiyi kangapo patsiku osapita kulikonse, kuvala nsapato n'kukhalanso pampando. Kenako ndinkatuluka masekondi 30 okha, n'kubwerera asanayambe kulira. Pang'onopang'ono tinafika mphindi 5, 20, mpaka ola. Tsiku lina ndinapupuluma, analiranso, tinabwerera pa mphindi 2.

M'mawa timayenda kaye kuti atope. Ndimamusiyira choseweretsa chopaka chiponde ndi malaya anga akale, n'kutuluka mwakachetechete osatsanzika. Patatha milungu 7, ndinamupeza ali m'tulo, mphuno ataibisa m'malaya muja.