Momwe mungawerengere nthawi ndi mtengo musanavomere ntchito yopanga pulogalamu ya kompyuta

Mwini hadiweya wa ku Luwinga akakufunsani kuti, "Achimwene, kasisitimu kowerengera katundu mungandipangire pa zingati?" musayankhe muli chiimire. Mtengo womwe mungatchule pamenepo ndi womwe adzaugwiritsitse, ngakhale ntchito itakula kawiri.

Yambani ndi kupita kusitoloko mukaone buku lake la katundu. Mukapeza kuti ena amatenga simenti pangongole, misomali imabwera m'makatoni koma imagulitsidwa pa kilo, ndipo makontilakitala ali ndi mtengo wawowawo. Iye sakuuzani zimenezi poti kwa iye n'zodziwikiratu, pomwe kompyuta imafuna kuuzidwa chilichonse.

Mukatero gawani ntchitoyo m'zidutswa zing'onozing'ono. Musalembe "malipoti" basi. Lembani "lipoti la zogulitsa za tsiku", "lipoti la angongole". Chidutswa chikakana kugawika, ndiye kuti simunachimvetse, bwererani mukafunsenso.

Chidutswa chilichonse chipatseni manambala atatu: masiku omwe chingatenge zikayenda bwino, zikayenda mwa nthawi zonse, komanso zikavuta. Njira ya PERT, yomwe inayambira ku America m'zaka za m'ma 1950, imati nambala yapakatiyo muichulukitse kanayi, muwonjezere ziwiri zinazo, n'kugawa ndi 6. Tinene kuti kulumikiza Airtel Money kapena Mpamba mwakupatsa masiku 2, 4 ndi 12. Yankho ndi masiku 5. Nambala yachitatu ija, ya zikavuta, musaichepetse chifukwa cha manyazi, pajatu mapepala ndi zilolezo sizili m'manja mwanu.

Kenaka ikanimo zomwe achinyamata ambiri amaiwala: kuyesa pulogalamu, kulowetsa katundu yense wa m'buku lija, kuphunzitsa wapakauntala, bandulo ya intaneti, ndi masiku omwe magetsi adzazime.

Zolipira m'madola zilembeni pazokha. Akaunti yoikira app pa Google Play ndi madola 25 kamodzi, ya Apple ndi madola 99 chaka chilichonse, ndipo seva yakunja (kompyuta yosungira pulogalamu pa intaneti) nayo imafuna zake mwezi ndi mwezi. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, choncho lembani pakoteshoni tsiku lomwe mtengowo udzathere.

Kwa kasitomala nenani kuti "pakati pa masabata 6 ndi 9", osati tsiku limodzi. Lembani zomwe mwagwirizana, musainirane, ndipo ndalama azipereka m'magawo. Akadzati "tangowonjezerani kabatani kamodzi", tulutsani pepalalo, muwerengenso manambala atatu aja, mumuuze mtengo wa kabataniko musanakhudze kompyuta.