Tulo tinkavuta chifukwa cha tiyi wamadzulo

Tulo tinkabwera mochedwa, m'mawa n'kudzuka mutu uli wolemera. Gwero lake linali tiyi wamadzulo. Kuno ku Thyolo tiyi timamwa ngati madzi, koma masamba ake ali ndi kafini, chinthu chomwe chimathamangitsa tulo, ndipo pakatha maola pafupifupi 5, theka la kafiniyo limakhala likadali m'magazi. Ndiye kuti kapu ya 6 koloko madzulo imakhala ikugwirabe ntchito 11 koloko usiku.

Ndinaika malire: ikakwana 2 koloko masana, tiyi basi. Madzulo ndi madzi ofunda kapena mkaka. Poyamba mutu umatha kupweteka, koma musabwerere m'mbuyo, zimasiya pakapita masiku ochepa.

Nsima idyeni kukadali maola 2 kapena 3 kuti mukagone, apo ayi chilungulira chikusowetsani mtendere. Foni ikhale kutali ndi bedi, ndipo muzidzuka nthawi imodzimodzi ngakhale Lamlungu.

Nyengo ya chiperoni ena amalowetsa mbaula kuchipinda. Musayerekeze. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wosamveka fungo, umene umapweteketsa mutu, ndipo m'chipinda chotseka umapha munthu ali m'tulo. Onjezani bulangete, valani masokosi. Neti ikabowoka isokeni masana omwewo, chifukwa udzudzu umodzi ndi wokwanira kukugonetsani m'maso.