Masiku oyenera kulemba potsatira pempho lanu la viza kapena chilolezo chokhala kunja

Pempho la viza kapena chilolezo chokhala m'dziko lina limatha miyezi, nthawi zina zaka, ndipo mutu sungasunge zonse. Komabe si tsiku lililonse lofunika kulembedwa. Ofunika ndi masiku amene ofesi yoona za olowa ndi otuluka imawerengera, komanso amene mukawaphonya pempho lanu likhoza kukanidwa.

Yambani ndi kope limodzi kapena fayilo imodzi, ndipo mwezi muzilemba m'mawu: 4 Malichi 2025, osati 04/03/2025. Ku America amayamba ndi mwezi, choncho manambala omwewo kumeneko akutanthauza 3 Epulo.

Kenako siyanitsani tsiku lomwe munatumiza ndi lomwe ofesi inalandira. Lembani onse awiri pamodzi ndi tsiku lolipira komanso nambala ya lisiti, koma dziwani kuti nthawi yodikira kawirikawiri siyambira pomwe inu munatumizira. Kalata ya I-797C yochokera ku USCIS, ofesi yoona za olowa m'dziko la America, imakhala ndi tsiku lolandirira ndi tsiku lolembera kalatayo, ndipo amatha kusiyana. Amene akuitanidwa ku America ndi wachibale alembe priority date yawo (tsiku lomwe pempho la wachibaleyo linalowa ku ofesi) mwa zilembo zikuluzikulu, chifukwa ndiyo malo awo pamzere, ndipo amaiyerekeza ndi Visa Bulletin, chikalata cha boma la America chosonyeza pomwe mzere wafika, chomwe chimatuluka mwezi uliwonse. Opempha viza ya ku UK ali kunja kwa dzikolo amayamba kuwerenga pomwe akapereka zidindo za zala ndi kujambulitsa.

Gawo lachitatu ndi la masiku omaliza, ndipo apa ndikupempheni kusamala kwambiri. Kalata iliyonse ikafika, musanaiwerenge yonse fufuzani kaye pomwe alemba nthawi yoyankhira. Canada imapereka masiku 30 oti mukapereke zidindo za zala mukalandira kalata yokuuzani kutero. USCIS ikapempha umboni wina, yankho liyenera kukhala litafika pofika tsiku lomwe alembalo, osati kuti mulitumize tsikulo. Ndiye lembani masiku awiri, lawo ndi lanu lomwe mwadziikira sabata ziwiri lawolo lisanafike, ndipo lanulo muliikire alamu pafoni.

Palinso masiku omwe ambiri amawaiwala chifukwa palibe amene amawakumbutsa: othera ntchito kwa mapepala omwe munapereka. Zotsatira za kuchipatala ku Canada zimagwira ntchito miyezi 12, chikalata cha TB chofunika ku UK miyezi 6, ndipo za mayeso a Chingerezi a IELTS zaka 2. Pasipoti nayo ilembeni, popeza mayiko ambiri amafuna kuti ikhale yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposa. Ngati muli kale m'dzikolo, tsiku lothera chilolezo chomwe muli nacho panopa likhale pamwamba penipeni pa tsamba, chifukwa pempho latsopano liyenera kulowa tsikulo lisanakwane.

Pomaliza, musadzaze kope ndi tsiku lililonse lomwe mwasuzumira pa intaneti n'kupeza zili chimodzimodzi. Lembani pokhapokha uthenga wasintha, ndipo muujambule. Mukaimbira foni ku ofesi, lembani tsiku, zomwe akuuzani ndi nambala yomwe akupatsani. Mukasamuka, lembaninso tsiku lomwe munawadziwitsa adiresi yatsopano. Ku America lamulo limafuna kuti nzika za mayiko ena zambiri zichite zimenezi pasanathe masiku 10.